Nsomba Zothawa M'madamu ndi Mbewu ya Chambo Chathu

Pamsika wa ku Ndirande, nsomba iliyonse yathyathyathya imangotchedwa chambo, ndipo wogula safunsa komwe yachokera. Komatu funso limeneli lakhala likuwasowetsa tulo akatswiri a zansomba kwa zaka zambiri.

Nsomba zachilendo zidayamba kulowa m'madzi mwathu kalekale. Mu 1906 atsamunda adaika trout mumtsinje wa Mulunguzi paphiri la Zomba. Ulimi wa m'madamu udayamba m'zaka za m'ma 1950 ku Nchenachena ndi ku Domasi, ndipo alimi ankaweta makumba ndi chilunguni, nsomba zakwathu konkuno. Mu 1976 kudabwera carp kuchokera ku Israel, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma lidailetsa poopa kuti madzi akasefukira idzathawira m'nyanja ya Malawi.

Mantha amenewa adali ndi maziko. Ku Zambia, Nile tilapia idathawa m'madamu n'kulowa mumtsinje wa Kafue, komwe idayamba kuswana ndi nsomba za m'deralo. Kunyanja ya Kariba nako idachuluka, nsomba yofanana nayo yakomweko n'kumazilala. Mu 2013 ofufuza adalengeza kuti apeza Nile tilapia kumbali ya Tanzania, m'madzi a m'chigwa cha nyanja yathu.

Kuizindikira ndiye kudali kovuta. Poyamba katswiri ankadalira maso: kutambasula chipsepse cha kumchira, kuyang'ana timizere takuda toimirira tomwe Nile tilapia imakhala nato, kenaka kutsegula makha n'kuwerenga timinga take. Njirayi imagwira nsomba yothawayo, koma ana ake obadwa ndi makumba amatenga kuno ndi uko, maso n'kusokonezeka. Ku Norway adakumana ndi zomwezi pa nsomba za salmon zothawa m'malo oziwetera: adayamba n'kuwerenga mizere ya pamamba, pambuyo pake n'kumapima DNA. Lero kachidutswa ka chipsepse kokha kamaulula makolo a nsomba, ngakhale botolo la madzi a mumtsinje limatha kuonetsa mitundu yomwe imakhalamo.

Chimandipweteka mtima n'chakuti DNA imangotiuza zomwe zachitika kale. Mbewu ikasakanikirana, palibe ukonde woisefa. Ndikumvetsa mlimi wofuna nsomba yokula msanga, pakuti chakudya cha nsomba chakwera mtengo. Koma inu amene mukukumba damu ku Machinjiri kapena ku Bangwe, kumbukirani kuti madzi a mitsinje yathu amathera mu Shire. Musanagule mbewu ya nsomba, funsani kaye alangizi a zansomba kuti ndi yamtundu wanji.