Scarabée d'Or: Galimoto ya Chifalansa Imene Dzina Lake Linafika ku Nyanja Yathu

Kufupi ndi mzinda wa Paris, pamalo otchedwa Aulnay-sous-Bois, kampani ya Citroën inatsegula m'chaka cha 2001 nyumba yosungiramo magalimoto ake akale. Pakati pa magalimoto mazanamazana amene anaikidwa m'menemo panali kagalimoto kena kooneka modabwitsa: kutsogolo matayala awiri wamba, kumbuyo malamba a mphira oyenda pa timagudumu, monga muja akhalira akasinja a nkhondo. Dzina lake ndi Scarabée d'Or. M'Chifalansa scarabée ndi kachilombo kaja kamene kamagubuduza ndowe, kamene Aigupto akale ankakalemekeza, ndipo d'Or ndiye kuti ka golide. Ndati ndilembeko za galimoto imeneyi chifukwa mbiri yake inadutsa m'dera lathu lino, ngakhale kuti siimveka kawirikawiri pakati pathu.

Nzeru ya malamba aja inabadwira m'chipale chofewa cha ku Russia. Mfalansa wina, Adolphe Kégresse, ankayang'anira magalimoto a mfumu Nicholas II, ndipo vuto lake linali lakuti m'nyengo yozizira matayala ankatitimira. Anaganiza zoyala kulemera kwa galimoto pa lamba wotambalala, kuti pasakhale malo amodzi opondereza nthaka kwambiri. Ufumu uja utagwa mu 1917, Kégresse anabwerera kwawo, nakumana ndi André Citroën, amene anali atangoyamba kupanga magalimoto mu 1919. Citroën anaona msanga kuti chimene chimathandiza pa chipale chingathandizenso pa mchenga. Anali munthu wodziwa kutsatsa malonda kuposa anzake onse a nthawi imeneyo. Ndi yemweyu amene pambuyo pake analemba dzina lake ndi mababu a magetsi pa nsanja ya Eiffel.

Pa 17 Disembala 1922 magalimoto asanu a malamba ananyamuka ku Touggourt m'dziko la Algeria, ndipo pa 7 Januwale 1923 analowa mumzinda wa Timbuktu atayenda makilomita pafupifupi 3,200. Aka kanali koyamba kuti magalimoto adutse chipululu cha Sahara, mtunda umene apaulendo a ngamila ankathera miyezi. Atsogoleri anali Georges-Marie Haardt, mkulu wa fakitale ya Citroën, ndi Louis Audouin-Dubreuil, amene anali atagwirapo ntchito ya usilikali m'chipululumo. Haardt anakwera Scarabée d'Or, mnzakeyo anakwera ina yotchedwa Croissant d'Argent, kutanthauza mwezi wongokhala kumene wa siliva. Injini yake inali ya galimoto wamba ya mtundu wa B2, ya masilinda anayi, yokula 1,452 cc, ya mphamvu ya akavalo 20 basi. Tigalimoto ting'onoting'ono timene timanyamula anthu m'matauni mwathu lero timaiposa kutali. Panali ngakhale kagalu koyera ka paulendopo, dzina lake Flossie, ndipo dzinali mulikumbukire chifukwa ndibwererako.

Tsono apa mpofunika kumvetsetsa, popeza ambiri amasokoneza. Galimoto imene inadutsa Sahara si imene inabwera kuno. Chimene chinabwera ndi dzina. Ife nkhani yotere siitivuta: mfumu ikagona, dzina la Kalonga kapena la Undi silipita kumanda, wina amalilowa. Chomwechonso Haardt pokonza ulendo wachiwiri anapatsa galimoto yake yatsopano dzina lomwe lija ndi chizindikiro chomwe chija cha kachilombo pa chitseko, ndipo anachitanso chimodzimodzi pa ulendo wachitatu, wa ku Asia, mu 1931.

Ulendo wachiwiriwo ndi umene Afalansa amautcha Croisière Noire, ulendo wakuda, ndipo dzinalo lokha likukuuzani mmene ankationera. Magalimoto asanu ndi atatu ananyamuka ku Colomb-Béchar pa 28 Okutobala 1924, nadzera ku mtsinje wa Niger, ku Nyanja ya Chad, ku Bangui, ndi kulowa m'nkhalango ya Congo imene inali m'manja mwa Abelijiyamu, mpaka ku Stanleyville, kumene lero timati Kisangani. Cholinga chimene chinalengezedwa chinali kulumikiza maiko amene France inkalamulira kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa ndi chilumba cha Madagascar. Atafika ku dera la nyanja zikuluzikulu za kum'mawa anagawikana magulu anayi a magalimoto awiriawiri. Audouin-Dubreuil analunjika ku Mombasa, Joseph Bettembourg ku Dar es Salaam, Charles Brull anatenga njira yaitali ya ku Cape Town, ndipo Haardt mwini wake, ndi Scarabée d'Or yachiwiri ija, anatsikira ku Nyanja ya Nyasa nakatulukira ku gombe la Mozambique. Atawoloka nyanja yamchere pa sitima, magulu atatu analowa mu Tananarive pa 26 Juni 1925. Gulu la Brull linali lidakali m'njira.

Taganizani za dziko limene magalimotowo anapeza m'mbali mwa nyanja yathu m'chaka chimenecho. Njanji inali itafika ku Blantyre mu 1908, sitima zapamadzi zinkayenda pa nyanja, koma kutali ndi matauni katundu wambiri ankayendabe pamutu pa amtengatenga. Panali patangopita zaka zochepa chithere nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene inatenga amuna athu ochuluka kukasenza katundu wa asilikali, ambiri osabwerera. Anthu otere ankadziwa bwino lomwe kuti mzungu akati wayenda ulendo, pali mapewa a wina amene ayenda nawo.

Ndipo ndi pamenepa pamene ine ndimatsutsana ndi mmene nkhaniyi imakambidwira ku Ulaya. Amati makina anagonjetsa Africa. Koma galimoto simwa madzi a m'chitsime. Petulo, oyilo, zakudya ndi zitsulo zosinthira zinatumizidwa miyezi yambiri ulendo usanayambe, n'kuikidwa m'malo osiyanasiyana m'njira monse, ndipo kumene kunalibe njanji kapena sitima zinasenzedwa ndi anthu. M'nkhalango ya Congo akuluakulu a boma la atsamunda anasonkhanitsa anthu zikwizikwi kuti alambule msewu wa makilomita mazana angapo magalimoto asanafike. Amene amadziwa mbiri ya thangata sangafunse ngati anthuwo anapita mwa kufuna kwawo. Pa mitsinje yopanda milatho, eni dera ndiwo ankamanga mabwato pamodzi, kuyalapo matabwa, ndi kukoka zingwe. Malamba a Kégresse anali anzeru ndithu, sindikana, koma pamene anatitimira m'matope anazulidwa ndi manja.

Apaulendowo anabwerera kwawo ndi zambiri. Léon Poirier anajambula filimu imene inaonetsedwa ku Paris mu 1926. Katswiri wojambula ndi manja, Alexandre Iacovleff, anabwera ndi zithunzi za nkhope zimene mpaka lero zimagulidwa ndi ndalama zochuluka. Zikopa za nyama, mbalame ndi tizilombo zinapita ku nyumba zosungiramo zinthu. Mwa Aafirika onse amene anakumana nawo, dzina limene linatchuka ndi la mayi wina wa mtundu wa Mangbetu, Nobosudru, ndipo linatchuka chifukwa chithunzi cha mutu wake ndi makonzedwe a tsitsi lake chinasanduka chotsatsira filimuyo. Dzina la galimoto iliyonse linalembedwa, la makaniko aliyense linalembedwa, la kagalu ka ku Sahara kaja linalembedwa. Olambula msewu anatsala ngati chiwerengero chabe.

Eni ulendowo sanakhalitse. Haardt anamwalira ku Hong Kong mu 1932, ulendo wa ku Asia utangotha. Kampani inagwa m'ngongole mu 1934 n'kutengedwa ndi a Michelin, opanga matayala, ndipo André Citroën anamwalira chaka chotsatira. N'zodabwitsa kuti pa mavuto onsewa, kuphatikizapo nkhondo yachiwiri imene inameza zitsulo zambiri zakale, magalimoto awiri otsogolera a ku Sahara anapulumuka. Croissant d'Argent inakakhala ku Musée des Cordeliers mu tauni ya Saint-Jean-d'Angély, kwawo kwa Audouin-Dubreuil. Scarabée d'Or yoyamba inatsala m'manja mwa kampani.

Kusunga galimoto yotere kuli ndi vuto limene makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amalidziwa: galimoto yoimikidwa imafa pang'onopang'ono. Mphira umauma n'kung'aluka, oyilo amagwirana, dzimbiri limadya mosaonekera. Koma ukati uiyendetse, chitsulo chilichonse chimene chathyoka uyenera kuikapo chatsopano, ndipo tsiku lina udzapeza kuti chatsala cha 1922 ndi nambala yokha. Osunga zakale amakangana pa nkhani imeneyi osagwirizana. Ine ndili kumbali ya amene amati yoyambayo isiyidwe ndi zipsera zake, pakuti zipserazo ndizo umboni.

Afalansa anasankha njira yachitatu. Pokonzekera chaka cha 2019, pamene Citroën inkakwanitsa zaka 100, ophunzira a sukulu ya uinjiniya ya Arts et Métiers ndi a sukulu ya ntchito zamanja ya Château d'Épluches anayeza galimoto yakaleyo chiwalo ndi chiwalo, naijambula pa kompyuta, n'kupanga ina yofanana nayo yotha kuyenda. Anyamata ndi atsikana obadwa m'nthawi ya mafoni a m'manja anachita kuphunzira kupinda malata ndi kulumikiza zitsulo monga ankachitira amisiri a zaka za m'ma 1920. Yatsopanoyo inaonetsedwa ku Paris kumayambiriro kwa 2019, pa chionetsero cha magalimoto akale chotchedwa Rétromobile, ili ndi kachilombo kaja pa chitseko, ndipo nayonso inalowa dzina la Scarabée d'Or.