Shibam, Mzinda wa Dothi m'Cipululu

Nyumba ya dothi imafuna manja caka ndi caka. Ife tonse tikudziwa zimenezi. Mvula ikayandikira timazungulira nyumba, timayang'ana zipupa, timamata ming'alu, timafolera denga. Lero tiwerenga mbiri ya anthu a kutali amene amagwira nchito yomweyi. Nyumba zawo ndi za dothi ngati zathu, koma ndi zazitali kwambiri, ndipo zambiri zakhala zaka mazana.

Dziko la dzuwa

Mzinda umenewu dzina lake ndi Shibam. Uli m'dziko la Yemen, kum'mwera kwa Arabia, m'cigwa cacikulu ca Hadramawt. Kumeneko ndi kucipululu. Dzuwa limaotcha koopsa, ndipo m'nyengo yotentha kutentha kumapitirira madigiri 40. Mvula ndi yocepa. Miyezi yambiri mtsinje wa m'cigwamo umakhala mcenga wokhawokha.

Koma mvula ikagwa kumapiri, madzi onse amathamangira m'cigwa nthawi imodzi. Mtsinje wouma umadzaza m'maola ocepa. Madzi amenewa ndiwo moyo wa alimi, cifukwa amathirira minda ya tirigu, mapira ndi kanjedza. Madzi omwewa ndiwo mdani wamkulu wa nyumba za dothi.

Cigumula cacikulu

Shibam ndi mzinda wakale kwambiri. M'zaka za m'ma 200 unakhala likulu la ufumu wa Hadramawt, likulu lakale la Shabwa litawonongedwa. Amalonda a lubani ankadutsa m'cigwamo ndi ngamira zawo.

Ca m'ma 1532 kunabwera cigumula cacikulu. Madzi anawononga mbali yaikulu ya mzinda. Anthu amene anapulumuka sanathawe. Anamanganso mzinda wawo pa malo okwera, pamene madzi safika msanga, mkati mwa linga.

Malo okwerawo anali ocepa. Kunja kwa linga kunali minda, ndipo munda sungaumange nyumba ngati ukufuna kudya. Kunalinso adani amene ankabwera kudzalanda katundu. Tsono anthu anati: ngati sitingakulitse nyumba m'mbali, tiikulitse m'mwamba. Banja likakula ankawonjezera nsanjika ina pamwamba. Lero mu Shibam muli nyumba pafupifupi 500. Zambiri zili ndi nsanjika 5, 6 kapena kuposa, ndipo zazitali zimafika pafupifupi mamita 30.

Mamangidwe ake

Dothi lomangira limacokera m'minda. Cigumula cikadutsa cimasiya matope ambiri, ndipo munda umakwera mpaka madzi amalephera kulowamo. Alimi amakumba dothi lowonjezeralo. Amisiri amalitenga, amalisakaniza ndi mapesi a tirigu odulidwa, amaliponda, amaumba zidina m'cikombole ndi kuziyanika pa dzuwa. Sazitentha, cifukwa nkhuni m'cipululu ndi zosowa. Motero mlimi amathandiza mmisiri, ndipo mmisiri amathandiza mlimi.

Maziko ndi a miyala. Cipupa ca pansi ndi cocindikala pafupifupi mita imodzi, ndipo cimanka cicepa pokwera m'mwamba kuti nyumba isalemedwe. Mitanda, zitseko ndi mazenera amazisema ndi mtengo umene iwo amati ilb. Mtengo umenewu ndi m'bale wake wa msau, umene timadya masau ake ku Tete. Ndi mtengo wolimba.

Pansi penipeni amasungapo ziweto ndi cakudya. Pamwamba pake pali zipinda zolandirira alendo, kenaka zipinda za banja. Denga ndi lathyathyathya ngati bwalo, ndipo usiku wotentha anthu amagona pamenepo. Zipupa zocindikala zimaletsa kutentha kwa masana kulowa msanga. Nyumba zayandikana, ndipo ina imapereka mthunzi kwa inzake.

Nchito ya kunja kwa nyumba

Kumanga ndi nchito ya nthawi imodzi. Kusamala ndi nchito ya moyo wonse. Nyumba ya m'cipululu ili ndi adani atatu.

Woyamba ndi dzuwa. Masana cipupa cimatentha, usiku cimazizira. Kusinthasintha kumeneku kumabala ming'alu.

Waciwiri ndi mphepo. Mphepo imanyamula mcenga, ndipo mcenga umapala cipupa pang'ono ndi pang'ono.

Wacitatu ndi madzi. Mvula ikapeza mng'alu imalowa, imafewetsa zidina, imaoletsa mitanda. Mvula ya tsiku limodzi ingathe kuwononga zimene dzuwa silinawononge caka conse.

Anthu a ku Shibam anapeza njira zolimbana ndi adani atatuwa. Kunja kwa cipupa amamata dothi losakaniza ndi mapesi. Dothi limeneli lili ngati malaya a nyumba. Limalandira dzuwa, mphepo ndi mvula m'malo mwa zidina. Likaperepeseka amamatanso lina. Amisiri amatsika ndi zingwe kucokera pa denga, atakhala pa thabwa, n'kumamata ndi manja.

Pa denga, pa nsanjika za pamwamba ndi m'munsi mwa cipupa amapaka njereza, imene iwo amati nurah. Amatentha miyala ya njereza mu uvuni, amaithira madzi, kenaka amaimenya ndi mitengo nthawi yaitali mpaka isalale. Pa malo amene pamadutsa madzi ambiri amasakaniza njereza ndi phulusa, ndipo amakulungiza ndi mwala wosalala. Njereza imatseka madzi. Kuyera kwake kumabweza kuwala kwa dzuwa. N'cifukwa cake nyumba za ku Shibam ndi zofiirira pakati koma zoyera kumutu.

Pa denga pali timipope totulukira kunja, totaya madzi kutali ndi cipupa. Kampope kamodzi kakatsekeka ndi fumbi kapena cisa ca mbalame, madzi amaima pa denga ndi kulowa pansi. Kuyeretsa timipope ndi nchito yaing'ono, koma imapulumutsa nyumba yonse.

Ndalama zocokera kutali

Njereza ndi amisiri zimafuna ndalama, ndipo cipululu sicibala zambiri. Kwa zaka mazana amuna a ku Hadramawt ankakwera zombo kukacita malonda ku India, ku Java, ku Singapore ndi ku gombe la kum'mawa kwa Afirika, monga ku Mombasa ndi ku Zanzibar. Ankatumiza ndalama kwawo. Ndalama zimenezi zinkagula cakudya ndi kulipira omata nyumba.

M'caka ca 1942, pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, asilikali a Japan analanda Singapore ndi Java. Ndalama zinasiya kubwera. Mvula nayonso inakana. M'zaka za 1943 ndi 1944 m'cigwa ca Hadramawt munagwa njala yoopsa, ndipo anthu ambiri anafa. Munthu wanjala sagula njereza.

Pambuyo pake anthu ambiri anapita kukagwira nchito ku maiko a mafuta, monga Saudi Arabia. Nyumba zina zinatsekedwa, eni ake ali kutali. Nyumba yotsekedwa ilibe woona mng'alu. Ndipo mu Shibam nyumba zimatsamirana. Imodzi ikagwa, imafooketsa za anansi.

Madzi a m'mipope ndi simenti

Kale amayi ndi ana ankatunga madzi pa citsime ndi kukwera nawo makwerero. Madzi anali ocepa, ndipo otayika analinso ocepa. Zimbudzi zinali zouma, ndipo zonyansa zinkapita ku minda ngati manyowa.

Kenaka kunabwera madzi a m'mipope. Ici cinali cinthu cabwino, cifukwa cinapeputsa nchito ya amayi. Koma madzi analowa mumzinda njira yotulukira isanakonzedwe bwino. Mipope ina inkadontha mkati mwa zipupa. Madzi osambira ankaima m'munsi mwa nyumba. Cinyezi cinakwera m'zidina, ndipo nyumba zinayamba kudwalira kumapazi.

Ena anayesa kupaka simenti pa cipupa ca dothi. Simenti sigwirizana ndi dothi. Imatsekera cinyezi mkati, kenaka imang'aluka ndi kumatuka, dothi la mkati litafewa kale. Njereza sicita zimenezi, cifukwa imalola cipupa kuuma.

Kudzutsa mzinda

M'caka ca 1982 bungwe la UNESCO linalemba Shibam pa mndandanda wa malo amene ali cuma ca anthu a dziko lonse. Koma dzina pa pepala silimata cipupa.

M'caka ca 2000 boma la Yemen ndi boma la Germany anayamba nchito yothandiza anthu a mumzindamo. Mwini nyumba ankapereka gawo la ndalama, ndipo gawo lina linkacokera ku thandizo. Nchito inkagwiridwa ndi amisiri a konko, ndi dothi ndi njereza monga kale, ndipo acinyamata ankaphunzira kwa akuluakulu. Anakonzanso ngalande zakale zogawa madzi m'minda. Magulu a amayi anatsegula maphunziro a kuwerenga ndi kulemba. Nyumba pafupifupi 200 zinakonzedwa, ndipo m'caka ca 2007 nchitoyi inalandira mphotho ya Aga Khan ya zomangamanga.

Mayeso sanacedwe. Mu Okutobala 2008 kunagwa mvula yamkuntho, ndipo cigumula cinadzaza cigwa. Anthu ambiri anafa, ndipo nyumba zambiri za m'midzi ya m'cigwamo zinagwa. Mu Shibam nyumba zina zinawonongeka, koma mzinda wa pa malo okwera unaima.

Kenaka mu Yemen munabuka nkhondo. M'caka ca 2015 UNESCO inaika Shibam pa mndandanda wa malo amene ali pa ngozi. Nkhondo siwononga ndi mabomba okha. Imatha ndalama, imabalalitsa amisiri, ndipo zipupa zimakhala zosamata.

Tikuphunzirapo ciani?

Ena amati nyumba ya dothi ndi nyumba ya umphawi, yosakhalitsa. Mbiri ya Shibam ikutsutsa mawu amenewa. Dothi lasenza mabanja kwa zaka pafupifupi 500. Nyumba zinafooka pamene eni ake anacoka, pamene njala ndi nkhondo zinabwera, ndi pamene madzi analoledwa kuima m'munsi mwa cipupa.

Kwathu mvula ndi yambiri kuposa ku Hadramawt, ndipo madenga athu ndi osiyana ndi awo. Koma mdani ndi yemweyo. Mawa m'mawa tizungulire nyumba zathu. Tione kumene madzi a pa denga amagwera. Tione ngati khonde lakumbika. Tione mng'alu ukadali waung'ono, cifukwa lero ukufuna dzanja limodzi la dothi, ndipo caka ca mawa udzafuna cipupa catsopano.

Mafunso okambirana

1. N'cifukwa ciani anthu a ku Shibam anamanga nyumba zazitali?
2. Kodi mlimi ndi mmisiri amathandizana bwanji ku Shibam?
3. Nkhondo ya ku Singapore ndi ku Java inakhudza bwanji nyumba za ku Hadramawt?
4. N'cifukwa ciani simenti sigwirizana ndi cipupa ca dothi?
5. M'mudzi mwathu, ndani amasamala nyumba za okalamba ndi za anthu amene ali kutali?