Mbiri ya Kamangidwe ka Nyumba m'Boma la Mchinji

Boma la Mchinji lili kumadzulo kwa chigawo chapakati cha dziko la Malawi, kumalire ndi dziko la Zambia. Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Lilongwe, kudzera pa Kamwendo mpaka kukafika pachipata cha Mwami, amaona nyumba zamitundumitundu. Zina ndi zomata, zina ndi zazidina zofolera udzu, zina ndi zanjerwa zootcha ndi malata, pamene zina ndi zamabuloko a simenti. Nyumba zimenezi sizidabwere tsiku limodzi. Mtundu uliwonse uli ndi nthawi yake ndi chifukwa chake, ndipo kusintha kwa kamangidwe kwakhala kukuyenda limodzi ndi kutha kwa nkhalango, kuchepa kwa malo ndi kuchuluka kwa anthu.

Kalekale Achewa a m'derali ankamanga nyumba zozungulira. Ntchito inkayamba m'chilimwe, anthu atakolola. Amuna ankapita kuthengo kukadula nsichi, phaso ndi mbalo, ndiponso kukafundula luzi ku mitengo ya mombo. Nsichi ankaziimika mozungulira ndi kuzimanga ndi mbalo, kenaka khomalo linkamatidwa ndi dothi mkati ndi kunja. Amayi ndiwo ankamweta udzu, kutunga madzi opondera dothi ndi kuzira pansi kufikira patasalala. Kawirikawiri denga linkamangidwira pansi, ndipo likatha amuna a m'mudzi ankaitanizana kudzalikweza pamwamba pa khoma. Apa ndi pamene mwambi woti mutu umodzi susenza denga umamvekera bwino. Mwa mwambo wa chikamwini, mwamuna ankamanga nyumba kwawo kwa mkazi, ndipo apongozi ankayesa khama la mkamwini poona m'mene wafolerera.

Ngakhale makolowo sadaphunzire sayansi m'kalasi, nyumba yawo inkatsata malamulo amene akatswiri a zomangamanga amaphunzitsa lero. Udzu wofolera mochindikala umasunga mpweya pakati pa mapesi ake, ndipo mpweya wosayendayenda sulola kutentha kudutsa msanga. Khoma ladothi limamwa kutentha kwa dzuwa pang'onopang'ono masana ndi kukutulutsa usiku. Denga lotsika mpaka pakhonde linkatchinga khoma ku mvula ndi dzuwa lomwe. Chifukwa cha ichi nyumba inkakhala yozizirira m'mwezi wa Okutobala, ndiponso yofunda m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chisanu chimavuta kuchidikha cha Mchinji. Komabe nyumbayi idali ndi zovuta zake. Mkati munkakhala mdima ndi utsi, chiswe chinkadya nsichi, moto ukabuka sunkachedwa kunyeketsa mudzi wonse, ndipo udzu unkafunika kuusintha pakapita zaka zochepa.

M'zaka za m'ma 1800 nkhondo idasintha kakhalidwe ka midzi. Angoni, amene adawoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, adagawikana m'magulu, ndipo gulu la Mpezeni lidadzakhazikika m'dera lozungulira Chipata ndi Mchinji. Midzi ya Angoni inkakhala ikuluikulu, nyumba zitazungulira khola la ng'ombe. Achewa ambiri adayamba kukhala mothithikana m'kati mwa malinga kuti adziteteze. Motero kumanga nyumba moyandikana si chinthu chachilendo m'derali. Makolo adachichita kale pamene moyo udawakakamiza kutero.

Asilikali a Angerezi adagonjetsa Angoni a Mpezeni kuchiyambi kwa chaka cha 1898. M'nyengo yomweyo atsamunda adamanga linga limene adalitcha Fort Manning, ndipo dzinali ndilo lidakhala la boma lonse mpaka lidasinthidwa kukhala Mchinji dziko litalandira ufulu. Nkhondo zitatha, anthu adatuluka m'malinga ndi kumwazikana kufuna minda. Boma la atsamunda linkakhometsa msonkho wa nyumba, ndipo pofuna ndalama za msonkhowo amuna ambiri adayamba kupita kukagwira ntchito kutali, kuminda ya azungu ndi kumigodi ya ku Rhodesia ndi ku Johannesburg.

Njerwa yootcha idafika ndi atsamunda ndi amishoni. Ansembe a Chikatolika a gulu la White Fathers adatsegula mishoni ya Kachebere m'chaka cha 1903, ndipo m'chaka cha 1939 pamalopa padatsegulidwa seminale yaikulu. Pomanga matchalitchi, sukulu ndi maofesi a boma, anthu a m'midzi adaphunzira kuumba njerwa m'chikombole, kuziyanika, kuzisanja mu uvuni ndi kuziotcha. Adaphunziranso kuyala njerwa ndi chingwe kuti khoma liwongoke. Amisiri oyambawo adapita nalo luso kumidzi kwawo. Nawonso obwera kumigodi ankafuna nyumba yangodya zinayi, yokhala ndi zipinda ndi mawindo, yoti mulowe bedi ndi tebulo. Amene sadathe kuotcha njerwa ankamanga ndi zidina, kapena nyumba yamdindo, imene khoma lake limapangidwa potsendera dothi lonyowa pakati pa matabwa. Pang'ono ndi pang'ono nyumba yozungulira idayamba kusanduka khitchini kapena gowelo.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, nkhani ya nyumba idalowa m'ndale. Dr. Hastings Kamuzu Banda ankabwereza kawirikawiri m'misonkhano yake kuti munthu aliyense ayenera kukhala ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. M'chaka chomwecho boma lidakhazikitsa bungwe la Malawi Housing Corporation kuti lizimanga nyumba m'mizinda ndi kugawa mapuloti oti anthu azidzimangira okha. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, Mchinji idakhala pafupi ndi msika waukulu wa zipangizo, ndipo patapita zaka zowerengeka njanji idafika paboma. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 m'bomali mudatsegulidwa maesiteti ambiri a fodya, ndipo kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale. Ndalama za fodya ndi mtedza zinkathera ku malata. M'maganizo a anthu, nyumba yanjerwa zootcha ndi malata idakhala chizindikiro chakuti banja latukuka, ndipo maganizowa adalimbikitsidwanso ndi ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo imene boma la Pulofesa Peter Mutharika lidayambitsa litalowa m'boma mu 2014.

Palibe angatsutse kuti nyumba yotereyi idabweretsa ubwino. Imakhalitsa, siopa moto wolusa, ndipo amayi adapumula ku ntchito yomweta udzu chaka ndi chaka. Koma walira mvula walira matope. Uvuni umayaka usana ndi usiku kwa masiku angapo, ndipo sufuna tinkhuni ta m'khitchini koma zipika zikuluzikulu za mitengo yachilengedwe monga muwanga, mtondo ndi msuku, imene imatenga zaka makumi angapo kuti ikule. Moto wa mu uvuni wa kumudzi suyenda mofanana, kotero njerwa zam'mbali zimatuluka zosapsa ndipo zambiri zimasweka, nkhuni zitapita kale. Pamene padakumbidwa dothi pamatsala maenje amene amasunga madzi oswera udzudzu. Fodya naye ankafuna mitengo yomangira zigafa ndi nkhuni zomuotchera, pamene mizinda inkafuna makala. Mitengo itatha m'minda ndi m'madambo, nkhwangwa idalunjika ku nkhalango yotetezedwa ya m'mapiri a Mchinji, kumene kumachokera mtsinje wa Bua. Ena adafika poyamba kugwetsa ngakhale mitengo ya mango imene makolo awo adabzala.

Vuto lachiwiri lidali m'kati mwa nyumba momwemo. Lata ndi lopyapyala, ndipo chitsulo chimalola kutentha kudutsa mofulumira. Nyumba yamalata yopanda siling'i imasanduka ng'anjo masana a m'chilimwe, ndipo usiku wa m'chisanu imazizira ngati panja. Pofuna kusunga malata, amisiri ambiri adafupikitsa denga ndi kuchotsa khonde, mwakuti mvula imamenya khoma ndi kukumba maziko. M'makalasi ambiri a sukulu, mvula ikamagwa pa malata mawu a mphunzitsi samveka. Pothamangira nyumba yolimba, anthu adataya nzeru zina zimene zidali m'nyumba ya makolo.

Pamwamba pa zonsezi padadza kuchuluka kwa anthu. Pa kalembera wa 1966 dziko lonse lidali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni, koma pa kalembera wa 2018 adapitirira 17.5 miliyoni. Boma la Mchinji lokha lidali ndi anthu oposa 320,000 mu 1998, oposa 450,000 mu 2008, ndipo mu 2018 adapitirira 600,000. Malo sakula ayi. Banja lililonse latsopano limafuna nyumba, ndipo nyumba iliyonse imadya munda ndi mitengo. Malo ochitira malonda monga Kamwendo, Mkanda, Kapiri ndi Waliranji adakula mofulumira, nyumba zalendi zikumangidwa mothinana popanda misewu, ngalande kapena malo okwanira a zimbudzi. Njanji itafika ku Chipata mu 2010, ndiponso chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami chitatsegulidwa mu Disembala 2022, anthu ofuna malo paboma ndi kumalire adawonjezekanso.

Poona m'mene nkhalango zinkathera, m'chaka cha 2018 boma lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Udindo woona kuti malamulowa akutsatidwa udaperekedwa ku bungwe limene pa nthawiyo linkatchedwa National Construction Industry Council. M'malo mwa njerwa zootcha mudalowa mabuloko a simenti ndi njerwa zadothi losakaniza ndi simenti pang'ono. Njerwa za mtundu wachiwiriwu zimapangidwa ndi dothi losefa, limene amalithira simenti yochepa ndi madzi pang'ono, kenaka ndi kulitsendera mwamphamvu m'makina a manja. Siziotchedwa, koma zimaikidwa pamthunzi ndi kumathiriridwa madzi kwa milungu ingapo kufikira zitalimba. Zina zimakhala ndi mano olumana, kotero sizifuna matope ambiri omangira. Munthu akaganiza bwino amaona kuti njerwa imeneyi ndi mdzukulu wa chidina ndi mdindo, kungoti sayansi yaiwonjezera mphamvu.

Akatswiri a masiku ano amanenanso kuti nyumba yabwino imayambira pa kaimikidwe kake. Makoma aatali ayenera kuyang'ana kumpoto ndi kummwera, kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lizimenya makoma aafupi okha. Mawindo akhale moyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndipo akhale aakulu kuti masana pasafunike nyali. Denga litulukire kunja mokwanira, maziko akwere kuti chinyontho chisalowe m'khoma, ndipo denga limangiriridwe ku khoma ndi mawaya kuti mphepo yamkuntho isalisasule. Nyumba imene idamangidwa kale siyenera kugwetsedwa kuti ikhale yabwino. Mwini wake angathe kuika siling'i ya mphasa, bango kapena matabwa kunsi kwa malata, kupaka malatawo utoto woyera umene umabweza kuwala kwa dzuwa, kuwonjezera khonde, kutseka mipata yolowera udzudzu ndi sefa, ndi kubzala mitengo yamthunzi chakumadzulo. Mbaula ya chitetezo imachepetsa nkhuni ndi utsi m'khitchini, ndipo kachipangizo ka sola padenga kamapereka kuwala kumene magetsi sadafike.

Pa nkhani ya malo, nzeru yatsopano ndi yomanga moyandikana koma mwadongosolo. Nyumba ziwiri kapena zinayi zogawana khoma zimafuna njerwa zochepa kuposa nyumba zoima pazokhapazokha. Nyumba yosanjikiza imasunga mabanja angapo pa malo amene pakadakhala banja limodzi. Anthu akakhala pamodzi, mpope umodzi wa madzi, msewu umodzi ndi waya mmodzi wa magetsi zimathandiza makomo ambiri, ndipo minda imapulumuka. Kusiyana kwa kuthinana kwabwino ndi koipa kuli pa mapulani: misewu, ngalande ndi zimbudzi ziyenera kulembedwa nyumba zisanamangidwe, pakuti m'mera mpoyamba.

Njira zatsopanozi zili ndi zopinga zake. Simenti ndi yokwera mtengo, kaya yochokera ku fakitale ya Shayona ku Kasungu kaya yolowa kuchokera ku Zambia, ndipo kupanga kwake kumafunanso moto wambiri. Mabuloko amafuna mchenga wochuluka, umene kukumba kwake kumagumula magombe a mitsinje. Makina otsendera njerwa sapezeka m'mudzi uliwonse, ndipo amisiri odziwa kusakaniza dothi moyenera ndi ochepa. Malamulo a 2018 sadakhudze munthu wodzimangira nyumba yogona kumudzi, kotero mlimi amene ali ndi chulu kuseri kwa nyumba ndi mtengo m'munda amaonabe kuti uvuni ndiwo wotsika mtengo. Iye amawerenga ndalama za m'thumba, koma mtengo wa nkhalango yotha udzalipiridwa ndi ana ake pamene zitsime zidzaphwa.

Mbiri ya nyumba ku Mchinji ikuonetsa kuti mbadwo uliwonse udamanga molingana ndi zimene udali nazo. Makolo adali ndi nkhalango, ndipo adamanga ndi mitengo ndi udzu. Ana awo adapeza ndalama za fodya, ndipo adamanga ndi njerwa zootcha ndi malata. Achinyamata a lero alandira malo ochepa ndi mapiri oyera. Ntchito imene yawagwera ndi yophatikiza kulimba kwa nyumba yamakono ndi kuzizirira kwa nyumba ya agogo awo, popanda kugwetsa mitengo imene yatsala kumene mtsinje wa Bua umayambira.