Angonia: Dziko la Udzu ndi Mabuku Ake

Munthu akayenda kuchokera ku Calómuè, kudzera ku Ulongwe mpaka kuno ku Fonte Boa, amaona yekha kuti Angonia ndi dziko la udzu. Mitengo njowerengeka, mphepo ya mu Juni imalowa mpaka m'mafupa, ndipo ng'ombe zimaonekera kutali. Dziko lotere limakoma kwa oweta, tsono sitidabwa kuti Angoni a Maseko, atabwerera kuchokera ku Songea, anadzakhazikika m'tsinde mwa phiri la Domwe cha m'ma 1870, mtsogoleri wao ali Chidyaonga. Dzina loti Angonia ndi lao. Koma chinenero chimene inu mukuphunzitsa m'makalasi a anthu akuluakulu si chimene iwo anabwera nacho.

Chingoni sichinaphedwe ndi nkhondo ai. Ankhondo aja anakwatira akazi Achichewa, ndipo mwana amayamwa chinenero cha amake. Patapita mibadwo iwiri kapena itatu, Chingoni chinangotsala m'nyimbo za ngoma, m'mau ngati nduna ndi lobola, ndiponso m'ziwongo monga Maseko, Ngozo ndi Nzunga. Alipo agogo oimba ngoma mokoma ndithu, koma mukawafunsa tanthauzo la mau ake amangoseka.

Mu 1891, chaka chimene inamwalira mfumu Chikuse, Angerezi ndi Apwitikizi anagawana dziko potsata mtunda umene umalekanitsa madzi opita ku nyanja ndi opita ku Zambezi. Malirewo anadula pakati pa mtundu umodzi. Gomani mwana wa Chikuse anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Ufumu wake uli ku Ntcheu, ndipo Domwe anatsala kuno. Mbiri ya mabuku athu yatsata malire omwewa.

Zaka za 1908 ndi 1909 ndizo zinabweretsa mishoni: Ajezuiti ku Lifidzi, a Dutch Reformed ku Mphatso. A ku Mphatso ankaphunzitsa ndi mabuku a Chinyanja ochokera kwa anzao a ku Nyasaland, koma boma la Chipwitikizi linawachotsa mu 1922, chaka chomwe linatuluka Buku Lopatulika. Pambuyo pake lamulo la mishoni la 1941 linati sukulu zonse ziphunzitse m'Chipwitikizi, chinenero chathu chingogwira ntchito pa katekisimu. Mishoni ya Fonte Boa inatsegulidwa mu 1945 pansi pa lamulo limeneli. Ndiye kuti mwana ankapemphera m'Chinyanja m'mawa, kenaka n'kuyamba a, e, i, o, u m'chinenero chimene amake sachimva.

Nanga anthu ankawerenga chiyani? Zambiri zinkadutsa m'malire, m'thumba la wopita ku msika kapena wobwera ku ntchito. Nthondo ndi Mbiri ya Achewa a Samuel Ntara, Malembo Oyera a 1966, mabuku a nyimbo: onsewa ndi a tsidya lija. Ngakhale miyambo ya Angoni a Gomani anailemba ndi mayi wa Chingerezi, Margaret Read, m'buku la 1956, ndipo nalonso likunena za Nyasaland.

Zakwathu zilipo, tisazinyoze. Ajezuiti anasindikiza ku Lisbon dikishonale ya Chinyanja ndi Chipwitikizi mu 1963, ndipo mu 1964 anatulutsa ina yoyambira ku Chipwitikizi pamodzi ndi galamala. Inali ntchito yaikulu. Komabe tinene zoona: mabukuwa anathandiza kwambiri mlendo wofuna kuphunzira chinenero chathu, osati mayi wa ku Tsangano wofuna kulembera kalata mwamuna wake ku Joni.

Kenaka nkhondo. Pa 30 Okutobala 1985 abambo Achijezuiti awiri, João de Deus Kamtedza, mwana wa konkuno, ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera. Midzi inasanduka mabwinja, anthu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ambiri anakaphunzirako kuwerenga. Mtendere utabwera mu 1992 anabwerera akulemba "ch" wa ku Malawi, pomwe akatswiri amene anakumana ku Maputo mu 1988 anasankha "c". Mu 1993 boma linayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja m'sukulu zina za ku Tete, koma kalembedwe kawirika tikadali nako. Wophunzira akalemba "cimanga" wina "chimanga", musawakwiyire. Alongosolereni chifukwa chake, chifukwa imeneyo ndi mbirinso.

Chimene chikusowa ndi mbiri ya midzi yolembedwa ndi eni ake. M'kalasi mwanu muli amayi ndi abambo amene akudziwa kumene kunali mabwinja a makolo, amene analima minda ya Apwitikizi, amene anaoloka malire usiku ana ali kumsana. Akangodziwa kulemba dzina, chotsatira chikhale chiwongo chao, cha amai ao, mudzi umene anabadwira ndi kumene anathawira. Wina aimbe nyimbo ya ngoma, anzake ailembe monga aimvera, ngakhale asakudziwa tanthauzo lake. Pa pepala lililonse lembani dzina la mudzi ndi tsiku, ndipo mubwere nawo mapepalawo pa msonkhano wa atsogoleri.