Kusintha kilatchi pakhomo: ntchito yagona pa giyabokosi

M'madera a Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, kumene mapikapu amasenza mabelo a fodya ndi matumba a soya m'misewu yafumbi, kilatchi sichedwa kutha. Ikatha, injini imalira kwambiri koma galimoto osathamanga, makamaka pachitunda, ndipo pamamveka fungo la chinthu chopserera.

Kilatchi imakhala pakati pa injini ndi giyabokosi, choncho woifuna ayenera kutsitsa giyabokosi yonse. Pa pikapu ngati Toyota Hilux, amayamba wachotsa waya wa batire, kenaka propshaft, sitata, ndodo ya magiya ndi silinda ya kilatchi, n'kumalizira mabawuti omangira giyabokosi ku injini. Ngozi ili pamenepa. Giyabokosi ndi yolemera moti ikhoza kuthyola nthiti za amene wagona kunsi kwake. Imafuna jeke yakeyake ndi anthu awiri. Galimoto yokwezedwa isatsamire pa jeke yokha, ngakhalenso pa njerwa, poti njerwa zimaphwanyika mosachenjeza.

Pokagula zipangizo ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, n'kwanzeru kutenga zitatu pamodzi: clutch plate, pressure plate ndi release bearing. Wosintha puleti yokha amadzatsitsanso giyabokosi chifukwa cha bearing, kachipangizo kotchipa pa zonsezi. Fulayiwilo ya mizere yakuya iyenera kusalazidwa pa makina, pamene yong'aluka ndi yofunika kusintha.

Pomanga, puleti ikhale pakatikati penipeni. Amakaniko ambiri amailunjika ndi shafuti yakale ya giyabokosi. Ikasuntha pang'ono pokha giyabokosi silowa, ndipo kuikakamiza ndi mabawuti kumapinda puleti yatsopanoyo.