Dibi, nkhupakupa ndi ng'ombe za ku Biriwiri

Angoni a kwa Maseko atakhazikika m'mapiri ozungulira Domwe cha m'ma 1870, anapeza dziko lokomera ng'ombe: lozizira, la msipu, ndiponso losakondedwa ndi kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera kumadera otentha a kumunsi. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linadula dzikolo pakati, n'chifukwa chake lero pa Biriwiri msewu wa M1 ukuyenda m'malire, uku Ntcheu, uko Tsangano. Koma phiri lomwe linatchinjiriza ng'ombe kwa kashembe linali kwawo kwa mdani wina, nkhupakupa yofiirira yokonda kumata m'makutu, yomwe imabweretsa chigodola. Mbiri ya dibi kuno ndi mbiri ya nkhondo yolimbana ndi nkhupakupa imeneyi, ndipo ine ndikuti dibilo, ngakhale linapulumutsa ziweto zambiri, linatiphunzitsa molakwika kuti ng'ombe yathanzi ndi imene ilibe kachirombo kalikonse m'thupi.

Tiyambire m'chifu. Mu 1843 akatswiri awiri ku France, Gruby ndi Delafond, anaona tizilombo ta selo imodzi, ta mtundu wa protozoa, tikusambira m'madzi a m'chifu cha nyama zobzikula. M'kasupuni kamodzi ka madziwo mumakhala tizilomboti mazanamazana a zikwi. Timathandiza kuphwanya udzu, timameza sitachi ya m'madeya kuti m'chifu musasase msanga, kenako ng'ombe imatigaya n'kupezapo chakudya chomanga thupi. Mwana wa ng'ombe sabadwa nato. Amatilandira m'malovu pamene make akumunyambita ndi pamene akudya limodzi ndi zazikulu. Khola la Mngoni, losunga ana pafupi ndi amawo, linkapatsirana chuma chosaonekachi mibadwo yambiri maikulosikopu isanafike.

Chigodola nachonso chimayamba ndi protozoa, kotchedwa Theileria parva, komwe kwawo kwenikweni ndi m'magazi a njati. Robert Koch anakaona ku Dar es Salaam chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo dzina la kachiromboka likukumbutsa Arnold Theiler, yemwe anakafufuza ku South Africa. Mlimi amachidziwa ndi maso: mwanabere kutupa kunsi kwa khutu, thupi kutentha, ng'ombe kupuma mobanika, thovu kutuluka m'mphuno, ndipo pasanathe milungu inayi yagwa. Cha mu 1901 ndi 1902 ng'ombe zodzera padoko la Beira zinalowetsa nthendayi ku Southern Rhodesia, kumene ziweto zinali zisanakumanepo nayo, ndipo makola anatha psiti. Mantha a nthawi imeneyo ndiwo anabala dibi lokakamiza, la mankhwala a arsenic, lomwe maboma a atsamunda analifalitsa mpaka ku Nyasaland. Chimene ambiri sanachilabadire n'chakuti ng'ombe zamakolo za kumene nthendayi inakhazikika kalekale sizinkafa motero. Mwana wolumidwa ndi nkhupakupa zochepa akadali wamng'ono amadwala, ndipo akachira amakhala wotetezedwa zaka zambiri. Dibi la mlungu ndi mlungu limachotsa kulumidwa koyambako, n'kukulitsa ng'ombe zosadziwa nthendayo. Boma litasiya kuyendetsa madibi ambiri m'zaka za m'ma 1990, zitsime za madibiwo n'kuuma, ng'ombe zotere ndizo zinali pangozi yaikulu.

Wina anena kuti mawuwa ndi osavuta kwa munthu wopanda khola. N'zoona, ndipo sindikupeputsa: ngakhale pakati pa ng'ombe zamakolo chigodola chimapha ana, ndipo ng'ombe yamkaka ya mtundu wa Friesian, yomwe banja lagula movutikira, nthawi zambiri siipirira n'komwe. Nkhupakupa zimayamwanso magazi, zimaononga mawere ndi chikopa, zimabweretsa matenda ena. Wouza mlimi kuti asiye kusambitsa ziweto angamuphetse chuma. Koma funso ndi la muyezo. Nkhupakupa zinazolowera arsenic, zazolowereranso mankhwala ena obwera pambuyo pake, ndipo kudera ngati Biriwiri, kumene ng'ombe za mbali ziwiri za malire zimakumana kubusa ndi kumisika, palibe dibi lingathetse nkhupakupa zonse. Kusambitsa kolunjika nyengo ya dzinja, pamene nkhupakupa zazikulu zachuluka, kumateteza popanda kufafaniza chitetezo chimene ziweto zadzipangira.

Umboni wondikhutiritsa kwambiri ndi katemera wa chigodola. Njira imene akatswiri anakonza ku Muguga, ku Kenya, m'zaka za m'ma 1970 ndi yobaya mwana wa ng'ombe kachirombo kamoyo ka chigodola, limodzi ndi mankhwala a oxytetracycline oti nthenda isakule. Ndi zomwe zija zinkachitika m'khola la makolo, kungoti tsopano zili ndi muyezo ndipo ana ambiri safa. Kuyambira mu 2014 katemerayu akupangidwa ku Lilongwe, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Vuto lake n'lakuti amasungidwa mu nayitirojeni wamadzi wozizira koopsa, ndipo akamusungunula ayenera kubayidwa ng'ombe zambiri tsiku lomwelo. Mlimi wa ng'ombe zitatu sangakwanitse yekha. Ayenera kusonkhana ndi anzake pamalo amodzi, tsiku limodzi, pamodzi ndi alangizi a ziweto, ndipo makomiti a madibi amene adakalipo m'midzi ya Ntcheu ndiwo angaitanitse msonkhano wotere.