Mkungudza wa ku Mulanje

Mkungudza wa ku Mulanje, womwe akatswiri a zomera amautcha Widdringtonia whytei, ndi mtengo womwe mwachilengedwe umapezeka pa phiri la Mulanje pokha. Umamera pamwamba pozizira, pomwe nkhungu imagona, kuyambira mamita pafupifupi 1,800 kupita m'mwamba. Phirili lili ngati chilumba pakati pa zigwa zotentha, moti mtengowu ulibe kwina kothawira.

Anthu ozungulira phirili ankaudziwa kalekale, koma m'mabuku a sayansi unalowa mu 1894, pomwe Alfred Rendle anaupatsa dzina lokumbukira Alexander Whyte, yemwe anatola nthambi zake paphiripo. Pambuyo pake ena anausokoneza ndi mbale wake wamfupi, Widdringtonia nodiflora. Zinatengera kafukufuku wa Pauw ndi Linder mu 1997 kutsimikiza kuti ndi mitundu iwiri yosiyana. Kusiyanako n'kofunika: mbale wakeyo akapsa amaphukiranso pachitsa, pomwe mkungudza weniweni ukapsa basi kwake kwatha.

Chomwe chinaupalira moto ndi ubwino wa thabwa lake. Limanunkhira, chiswe sichilidya, ndipo siliola msanga. Kabokosi ka mkungudza ukakatsekula patapita zaka, fungo limakulandira ngati akapala dzulo. N'chifukwa chake ocheka matabwa sanaupatse mpata, ngakhale boma linaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha pa phiri lonse.

Kuyambira mu 2016, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi Forestry Research Institute of Malawi ndi Botanic Gardens Conservation International, linathandiza midzi ya m'mphepete mwa phirili kukhazikitsa nazale, ndipo mbande zoposa 500,000 zinakwera phiri, zambiri zitasenzedwa pamutu. Kudzala si ntchito yovuta kwenikweni. Chovuta n'kulambula njira zotchingira moto chaka ndi chaka mpaka mitengoyo itakula.

Kuzigwa ngati ku Phalula, komwe kuli malambe ndi tsanya komanso matumba a makala ondandalikidwa m'mbali mwa msewu wa M1, mkungudza sungamere chifukwa cha kutentha. Wa kumeneko wofuna kuuona ndi maso asavutike kupita ku Mulanje. Angowoloka Shire n'kukwera phiri la Zomba, komwe unadzalidwa nthawi ya atsamunda ndipo ulipobe.